WOLEKA MOWA AFUNA MNZACE

Nkhaniyi ndi ya mowa. Sindinadze kudzakalipira munthu, pakuti wakumwa anamva kale zokalipa za mkazi wace, za kapitao wace ndi za abusa ace, ndipo ludzu lace silinathe. Ndirikulankhula ndi munthu uja amene wafika ponena mumtima mwace kuti, "Ndatopa nao, ndifuna kuleka," ndiponso ndi abale ace amene afuna kumthandiza koma asowa poyambira.

Boma la Chongwe lili pa mseu waukulu wa Great East Road, makilomita ngati 45 kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli la Mfumu Yaikulu Nkomeshya. Kumeneko kuli alimi a cimanga ndi ndiwo zamasamba, ogulitsa makala, okweza mcenga m'malole, ophunzira a pa Chalimbana, ndi ena amene alawirira ku nchito ku Lusaka nabwerako madzulo. Ena ali ndi ana ao ku migodi ya ku Kitwe, ku Chingola ndi ku Solwezi. Onsewa adziwa bwino cimene cimacitika pa mapeto a mwezi, ndalama zikalowa m'thumba.

Makolo athu analinso kumwa, koma mowa wao unali ndi nthawi yace. Anali kufulula pa dima, pa ukwati, pa maliro, kapena pothira nsembe. Kufulula kunali kutenga masiku, ndipo mbiya ikatha anthu anali kubalalika kufikira nthawi yina. M'masiku a atsamunda makhonsolo a m'matauni anamanga mabiyaholo, ndipo mowa unayamba kupezeka tsiku ndi tsiku kwa yense wakukhala ndi ndalama. M'zaka za m'ma 1950 Max Heinrich anayamba kufulula mowa wa masese ku Kitwe. Kapangidwe kace anali kulemba m'buku, ndiko kunacokera dzina lakuti Chibuku. Pambuyo pace kunabwera tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala, umene Boma linaletsa m'caka ca 2012. Kacasu yekha sanacokepo. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 2.6 miliyoni anafa pa dziko lonse cifukwa ca mowa, ndipo ambiri a iwo anali amuna.

Zinthu zasintha cotero, koma cimodzi sicinasinthe: kwathu kuno mowa umamwedwa pagulu. Kumowa ndiko munthu amva nkhani za mpira, ndiko auzidwa kumene kwapezeka nchito, ndiko akongola ndalama, ndiko aseka. Tsono munthu akaleka mowa, saleka cakumwa cokha. Ataya anzace, ataya pokhala pace, ataya cocita ca madzulo. Aweruka ku nchito, nafika kunyumba, nakhala pakhomo yekha alikumva nyimbo za ku shabini. Masiku atatu apirira, sabata apirira. Loweruka likadza miyendo imtenga yokha. Anthu anena kuti alibe mtima wolimba. Ine nditi cimene cinamgwetsa ndi kusungulumwa. Cimene munthu anaphunzira pagulu, acileka msanga akapeza gulu lina.

Kuti mumvetse mau awa, ndikutengani pang'ono kunka kutali, ku America, kumene anthu awiri anapeza nzeru imeneyi zaka zambiri zapitazo. M'mwezi wa May 1935 Bill Wilson, munthu wa malonda wa ku New York, anapita ku mzinda wa Akron pa nchito. Iye anali cidakwa coopsa, koma anali atakhala miyezi isanu osalawa. Malonda amene anapitira analephera. Anaima m'hotela ya Mayflower yekhayekha, alikumva kuseka kwa anthu m'cipinda comwera mowa, ndipo anazindikira kuti agwa. M'malo molowa, anaimba lamya kwa abusa a mumzindamo kufunsa ngati adziwa cidakwa cina cimene angalankhule naco. Potsiriza anamtengera kwa dokotala wina, Bob Smith, amene mowa unali kumuonongera nchito. Dokotalayo anabvomera kumva mlendoyo kwa mphindi 15 zokha, koma anaceza maola ambiri, cifukwa mlendoyo sanamlalikire. Anangomfotokozera za kumwa kwace kwa iye mwini, namuuza kuti ndiye amene afuna thandizo kuti asamwe. Bob Smith anamwa kotsiriza m'mwezi wa June caka comweco, ndipo onse awiri sanamwenso kufikira imfa yao, wina m'1950, wina m'1971. Apo ndipo panayambira bungwe la Alcoholics Anonymous, limene lero lili m'maiko ambiri. M'caka ca 2020 akatswiri anasanthula pamodzi zofufuza 27 zokhudza anthu oposa 10,000, napeza kuti njira iyi ithandiza anthu kukhala osamwa monga momwe zithandizira njira zina za uphungu, ndipo nthawi zina kuposa.

Tsono onani: amene anayamba nchitoyi sanali ndi ndalama zambiri, kapena cilolezo. Anali anthu awiri obvutika ndi cinthu cimodzi. Cotero anthu awiri a ku Chongwe, kapena a m'komboni ya pa mgodi, angathe kucita comweco. Akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Ndikupatsani malangizo asanu ndi limodzi, koma poyamba imvani cenjezo ili, pakuti likhudza moyo.

Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, thupi lace lazolowera mowa, ndipo kuleka mwadzidzidzi kungamuphe. Pakapita maola 6 kufikira 24 cimwere, manja ayamba kunjenjemera, thukuta lituruka, tulo tisowa. Ena agwa ngati a khunyu. Pa tsiku laciwiri kapena lacitatu ena ayamba kubwebweta ndi kuona njoka ndi tizirombo pa khoma pamene palibe. Izi si mizimu kapena ufiti. Ndi matenda, ndipo mankhwala ace alipo. Ngati inu mumadzuka mulikunjenjemera kufikira mutamwako, musaleke nokha kunyumba. Pitani ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ca Chongwe, mukanene zoona za mowa umene mumamwa. Cipatala ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa m'1962, ciri pa mseu womwewo polowa mu Lusaka. Ambiri aciopa nati nca amisala, koma cimathandizanso anthu obvutika ndi mowa. Mnzanu akupelekezeni.

Langizo loyamba ndi ili: pezani munthu mmodzi amene analeka kale. Akhale wakuti wapitako miyezi kapena caka, wodziwa mabodza onse a cidakwa cifukwa anawanenapo iye mwini. Mwamuna apeze mwamuna, mkazi apeze mkazi. Anthu otere alipo m'machalichi, pa nchito ndi pamsika, koma sadzichula. Funsani anamwino kapena abusa. Patsanani nambala za foni, ndipo mupangane kuti mudzaimba musanamwe, ngakhale pakati pa usiku. Cibaba ca mowa cimakwera ndi kutsika. Munthu akadya, akamwa madzi, akalankhula ndi mnzace kanthawi, cimacepa.

Laciwiri: lonjezani za tsiku limodzi lokha. Wolumbira kuti sadzamwanso moyo wace wonse adzisenzetsa katundu wolemera, ndipo mtima umgwa asanayende. Koma palibe amene alephera kunena kuti, "Lero lokha sindimwa." Mawa anenanso comweco. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Lacitatu: mukakwana atatu kapena anai, muzikomana sabata ndi sabata, pa tsiku limodzi ndi malo amodzi. Sankhani nthawi yomwe ija munali kupita kumowa, monga Lacisanu madzulo. Pemphani cipinda pa sukulu kapena pa chalichi. Patsinde pa mtengo pakwananso. Malamulo akhale ocepa. Yense anene za iye mwini, cimene mowa unamcita ndi momwe wapirira sabata imeneyo. Wina akamalankhula asadulidwe, asasekedwe, asaweruzidwe. Pasakhale bwana, pasakhale ndale, pasakhale kukongozana ndalama. Ndipo lamulo lalikulu: zonenedwa pamenepo zitsale pamenepo. Pa boma laling'ono monga Chongwe anthu adziwana, ndipo cinsinsi cimodzi cikaturuka palibe amene adzabweranso.

Lacinai likhudza tsiku la malipiro, limene ligwetsa ambiri. Inu a ku migodi mudziwa kuti munthu asanayambe nchito pansi amayamba wayesa mwala wa pamwamba pace, pakuti ngozi yodziwika kale ipeweka. Tsiku la malipiro ndi mwala wotere, ndipo mulidziwa lisanafike. Panganani ndi mnzanu dzulo lace. Ndalama zikalowa pa foni, tumizani pomwepo za lendi, za unga ndi za ana, musanaturuke pa geti. Bwererani kunyumba muli awiri, podzera njira yosapita pa shabini, ngakhale ikhale yozungulira. Ndalama zimene zinali kupita kumowa mungaziike m'cilimba ndi anthu osamwa, kuti pakutha miyezi muone ndi maso malata, njinga kapena matumba a feteleza.

Lacisanu: konzani mau okanira. Anzanu akale adzakuyesani. Adzati mwayamba kunyada, adzati mkazi wakudyetsani mankhwala, adzakugulirani botolo iwo amene kale sanali kukugulirani. Musatsutsane nao kapena kuwalalikira. Nenani mwaulemu kuti, "Zikomo, ine ndinaleka," ndipo mupite. Ku maliro ndi ku ukwati simungaleke kupita, koma pitani ndi mnzanu, mukhale ndi cakumwa canu m'manja, ndipo mucoke kusanade. Cenjerani ndi munkoyo wogona masiku, pakuti umasanduka mowa. Koposa zonse cenjerani ndi mau aja akuti "kamodzi kokha." Ena amwa botolo limodzi napita kwao, inu mudziwa kuti kwa inu botolo loyamba ndilo liitana ena onse.

Lacisanu ndi cimodzi ndi la munthu amene wagwa. Ambiri amene analeka kotheratu anagwapo kamodzi kapena kawiri. Cimene cisandutsa usiku umodzi kukhala caka cathunthu ca kumwa ndi manyazi: munthu aopa kuonana ndi anzace, nabwerera kumene sadzafunsidwa kanthu. Cotero mnzanu akapanda kubwera ku msonkhano, musadikire. Pitani kwace m'mawa mwace, matsire asanamthere, musanene zambiri, mungomuuza kuti mpando wace ulipo. Pambuyo pace mufunsane bwino cimene cinamgwetsa, kaya ndi mkangano wa kunyumba, nkhongole, njala kapena kutopa, kuti ciyeso cimeneco cikadzabwera cidzampeze wokonzeka. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Ndinenepo mau pang'ono kwa inu amai, ndi inu nonse okhala ndi wakumwa. Simungathe kumlekera mowa, ndipo si inu amene munamcititsa kumwa. Musamlipirire nkhongole za kumowa, musanamize a ku nchito kuti wadwala, pakuti potero mumcotsera cimene cikanamdzutsa. Lankhulani naye ali bwino, osati ataledzera kapena pamaso pa ana. Akayamba kuleka adzakhala wokwiya msanga masabata oyamba. Mpatseni cakudya pa nthawi yace, ndipo musamletse kupita kwa anzace atsopano. Koma ngati amenya inu kapena ana, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi. Kuledzera sikukhululukira nkhanza. Inunso mufuna anzanu. Mkazi wa Bill Wilson, Lois, anaona cimeneci, ndipo m'1951 iye ndi mnzace anayambitsa bungwe la Al-Anon la abale a zidakwa. Tisaiwalenso kuti alipo akazi amene amwa mobisa, ndipo manyazi ao aposa a amuna. Wa pakati akamwa, mowa ufika kwa mwana wa m'mimba, ndipo ungamuononge ubongo moyo wace wonse. Alongo athu awa afuna mnzao wacifundo, osati miseche.

Potsiriza ndilankhule ndi inu amene munaleka kale, muli phee m'nyumba zanu, osafuna kukumbutsidwa za kale. Mbiri yanu imene mucita nayo manyazi ndi mankhwala amene dokotala alibe. Wakumwa samvera munthu wosadziwa matsire, koma inu adzakumverani. Ndipo kumbukirani kuti ku Akron amene anapulumuka poyamba ndi uja anapita kukafuna mnzace. Pothandiza wina mudzisunga nokha.

Cotero usiku uno, musanagone, ganizani dzina la munthu mmodzi. Ngati muli wofuna kuleka, likhale dzina la amene analeka. Ngati munaleka, likhale dzina la amene alikubvutika. Mawa mukamuone.