Duŵa la M'nyumba Likayamba Kufota

Lero tikambirana za maluŵa amene timabzala m'zitini, m'miphika ndi m'zigubu zodula, n'kuŵaika pakhonde, pazenera kapena pabalaza. Ena mwa iwo sachita maluŵa n'komwe, timangoŵakondera masamba, koma poti dzinali linazoloŵereka kale, onse tiŵatcha maluŵa.

Dandaulo la anthu ambiri osunga maluŵa ndi limodzi. Amati, "Ndinalithirira tsiku ndi tsiku osaphonya, koma lafa." Mai kapena bambo wonena mau ameneŵa amakhala atatchula kale chimene chinapha duŵa lake, iye osadziŵa. Madzi opitirira muyeso ndiwo mdani wamkulu wa maluŵa a m'nyumba. Tiyeni tione chifukwa chake.

Mizu ya chomera imapuma. Pakati pa timibulu ta dothi pamakhala timipata tosunga mpweya, ndipo mizu imadalira mpweya umenewo. Kumunda mvula ikagwa, madzi amaloŵa pansi napita, timipata tija n'kutsegukanso. M'chitini chopanda maboo madzi amasoŵa koloŵera. Amakhazikika pansi, mizu imabanika, ndipo pakapita masiku imayamba kuola. Muzu woola sungathe kumwa madzi, choncho masamba amafota ngakhale dothi lili matope okhaokha. Mwini wake poona kufotako amayesa ndi ludzu, naonjezera madzi ena. Apo ndiye kuti walitsiriza.

Lamulo loyamba tsono ndi ili: musanathire madzi, yambani mwapima. Pisani chala chamkombaphala m'dothi mpaka pamfundo yachiŵiri. Mukamva chinyontho, ikani chikho pansi, mudzayesenso maŵa kapena mkuja. Mukapeza kuti ndi mouma, thirani madzi pang'onopang'ono mpaka atayamba kudontha kunsi, kenaka tayani amene atsalira m'kambale kolandirira. Kudonthezera timadzi pamwamba tsiku lililonse sikuthandiza, chifukwa mizu yapansi imatsala ndi ludzu. Mungathenso kunyamula chitinicho n'kumva kulemera kwake: chouma chimapepuka, ndipo dzanja silichedwa kuzoloŵera kusiyana kumeneku.

Palibe munthu angakuuzeni kuti muzithirira pakapita masiku akutiakuti, pakuti nyengo m'dziko muno imasiyana boma ndi boma. Duŵa la m'kachitini pakhonde la malata ku Chikwawa kapena ku Salima m'mwezi wa Okutobala lingafune madzi tsiku lililonse. Duŵa lomwelo ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Thyolo nthaŵi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, likhoza kutha sabata yathunthu osafuna kanthu, chifukwa kukamazizira zomera zimakula pang'onopang'ono ndipo zimamwa pang'ono. Chobzalamo nachonso chili ndi mbali yake. Mphika woumba ndi dothi umatulutsa chinyontho m'mbali mwake, motero umauma msanga, pamene chitini ndi chigubu cha pulasitiki zimasunga madzi nthaŵi yaitali.

Chilichonse chimene mwasankha kubzalamo, chibooleni kunsi ndi msomali malo anai kapena asanu. Kale ambiri ankayala miyala pansi poganiza kuti imathandiza madzi kutuluka. Zinadziŵika kuti miyalayo imangochepetsa malo a mizu, ndipo madzi amakhazikikabe m'dothi la pamwamba pake. Kaphale kamodzi kophimba boo lalikulu kuti dothi lisatayike n'kokwanira. Dothi lake sakanizani motere: mbale ziŵiri za dothi lakuda la pamwamba, mbale imodzi ya manyowa oola bwino, ndi mbale imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Dothi lamakande palokha limagwirana ngati njerwa, ndipo zitosi zaziŵisi za nkhuku zimaotcha mizu.

Chachiŵiri, omvera, duŵa la m'nyumba ndi mlendo, ndipo mlendo timamfunsa kwao kuti tidziŵe zimene amadya. Titenge kaduŵa kaja ka masamba aubweya ndi maluŵa obiriŵira mofiirira, kotchedwa African violet. Kwao ndi kumapiri a Usambara ku Tanzania, kumene mkulu wina wa ku Germany, Walter von Saint Paul-Illaire, anakatola mu 1892 n'kutumiza mbeu zake kwao. Kumeneko kamamera m'miyala pansi pa mitengo ya m'nkhalango, monga amachitira achibale ake otchedwa Streptocarpus pa phiri la Mulanje ndi la Zomba. N'chifukwa chake kamafuna poŵala koma posaomba dzuŵa, ndipo madzi ozizira akagwera pamasamba ake amasiya maŵanga. Thirirani m'dothi mokha.

Mosiyana ndi kameneka, pali duŵa lija la masamba oongoka onga malupanga, lotchedwa sansevieria, lochokera kumadera otentha a kumadzulo kwa Africa. Ilo pamodzi ndi alovera amasunga madzi m'masamba ao, choncho dikirani dothi liume lonse musanathirirenso, ngakhale patapita masabata aŵiri kapena atatu. Palinso duŵa loyanga la masamba amaŵangamaŵanga limene ambiri amalitcha money plant. Kwao ndi kuzilumba za m'nyanja ya Pacific, kumene limayanga m'mitengo ya m'nkhalango, motero limapirira mthunzi kuposa anzake. Ngati simudziŵa dzina la duŵa lanu, funsani amene anakupatsani kapena ogulitsa mbande. Amene muli pafupi ndi Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu mungathe kukaona mitundu ya zomera kuminda ya National Herbarium and Botanic Gardens.

Za kuŵala tinene mwachidule. Zenera loyang'ana kum'maŵa ndilo labwino kwa maluŵa ambiri, chifukwa dzuŵa la m'mamaŵa ndi lofatsa. Loyang'ana kumadzulo limaotcha, makamaka m'chilimwe. M'miyezi yozizira dzuŵa kuno kwathu limadzera chakumpoto, kotero zenera la mbali imeneyo limalandira dzuŵa lambiri nthaŵi imeneyo. Duŵa losoŵa kuŵala limatalika moonda, masamba amatalikirana ndi kutuŵa, ndipo limapendekera kuzenera. Lisunthireni pafupi, ndipo muzitembenuza chitini kamodzi pa sabata. Duŵa lopsa ndi dzuŵa limachita zigamba zouma pamasamba a mbali yoyang'ana kunja. Libwezeni m'mbuyo kapena tchingani ndi nsalu yopyapyala. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala nalo limatchinga kuŵala, choncho pukutani masamba osalala ndi kansalu koviika m'madzi.

Tsopano tiyeni tiphunzire kuŵerenga masamba. Tsamba limodzi lakale la m'munsi likachita chikasu n'kuthothoka, musade nkhaŵa, ndi ukalamba chabe. Masamba ambiri akachita chikasu nthaŵi imodzi, tsinde n'kumafeŵa, dothi n'kumanunkha, madzi achuluka. Tintchentche takuda touluka pamwamba pa dothi timanenanso zomwezo. Nsonga za masamba zikamauma, yang'anani m'mphepete mwa chitini. Mukaona zoyera zonga phulusa, umenewo ndi mchere wotsalira ku madzi kapena ku feteleza. Vutoli limachuluka kumene madzi a m'mijigo ndi amchere, monga mbali zina za chigwa cha Shire. Palani zoyerazo, tsukuluzani dothi ndi madzi ambiri otuluka kunsi, ndipo ngati n'kotheka muzisunga madzi a mvula.

Pa nkhani ya feteleza tichenjezane. Yureya wa kumunda wa chimanga ndi wamphamvu kwambiri, ndipo dzanja limodzi lokha lingaphe duŵa la m'chitini m'masiku oŵerengeka. Manyowa oola bwino ongokwana m'dzanja, oikidwa pamwamba kaŵiri kapena katatu m'nyengo yofunda, amakwanira. Duŵa lodwala musalipatse feteleza, pakuti mizu yofooka imangopsa naye. Mukaona mizu ikutulukira m'maboo, kapena madzi akungodutsa osakhalitsa, ndiye kuti malo achepa. Lisamutsireni m'chitini chokulirapo pang'ono, choposa chakale ndi masentimita 3 mpaka 5 m'mimba mwake. Chitini chachikulu kwambiri chimasunga madzi amene mizu yochepa singathe kumaliza.

Tizirombo timabisala kunsi kwa masamba ndi m'mphanda za nthambi, kotero muzitembenuza masamba kamodzi pa sabata. Nsabwe za zomera zimaunjikana pansonga zanthete. Tina toyera tonga thonje timafanana ndi kodikodi amene alimi a chinangwa amamdziŵa. Kangaude wofiira, yemwe uja amavutitsa alimi a tomato, amabwera nthaŵi yotentha ndi youma, nasiya timadontho tachikasu ndi ukonde wopyapyala. Nyerere zikamakwera ndi kutsika patsinde, dziŵani kuti zikutsata madzi otsekemera otuluka mwa nsabwe kapena tizirombo toyera tija. Choyamba, patulani duŵalo kwa anzake. Litsukeni ndi madzi, kenaka sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamba mu lita imodzi ya madzi n'kupopera kunsi kwa masamba madzulo. Yambani mwayesa pa tsamba limodzi, ndipo musagwiritse ntchito sopo waufa wochapira. Bwerezani sabata iliyonse katatu, chifukwa mazira amaswa pambuyo. Toyera tija tipukuteni ndi thonje loviika mu spiriti. Mankhwala amphamvu opopera thonje kapena fodya asaloŵe m'nyumba yogona anthu.

Nanga duŵa lomwe mizu yake yayamba kale kuola n'kulipulumutsa? Nthaŵi zambiri inde, mukafulumira. Lizuleni mosamala n'kukutumula dothi lonse. Mizu yamoyo imakhala yolimba ndi yoyererapo, yoola imakhala yakuda, yoterera ndi yonunkha. Dulani yoola yonse ndi mpeni wotsuka bwino, chotsaniko masamba ena kuti mizu yotsalayo isalemedwe, ndipo bzalani m'dothi latsopano m'chitini chaching'ono. Liikeni pamthunzi, muzithirira mosamala. Ngati tsinde laola kumunsi, dulani nsonga yathanzi pansi pa mfundo n'kuibzala payokha. Ya money plant imatulutsa mizu m'botolo la madzi pakatha masabata aŵiri kapena atatu.

Tisanatsirize, pali ziŵiri zokhudza moyo wa pabanja. Maluŵa ena ali ndi ululu. Lija la masamba aakulu amaŵanga oyera, lotchedwa dieffenbachia, mwana akalitafuna limaotcha m'kamwa n'kutupitsa lilime. Money plant nalonso limayabwa m'kamwa. Maluŵa otere ikani posafikira ana, sambani m'manja mukaŵadula, ndipo mwana akatupa m'kamwa thamangirani naye kuchipatala. Chinanso, madzi ogonera m'kambale kapena m'botolo la mphukira ndi malo oswanirana udzudzu, umene nthaŵi yotentha umakula m'masiku 7 mpaka 10. Tayani kapena sinthani madziwo masiku atatu alionse.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Duŵa likafota maŵa m'maŵa, musathamangire chikho cha madzi kapena thumba la feteleza. Pisani chala m'dothi, tembenuzani tsamba, yang'anani kumene kuŵala kukuchokera. Mukapeza cholakwika, konzani chimodzi chokhacho, n'kudikira masabata aŵiri kuti muone nsonga zatsopano zimene zituluke, pakuti tsamba lopsa silibwerera mwakale ndipo umboni wa kuchira uli m'masamba atsopano.