Mlendo Amene Sanakamuke: Amishoni a ku Tsangano M'masiku a Mliri wa Kolona



Pa chikondwerero cha zaka 100 anthu amakonda kuwerenga zooneka ndi maso: matchalitchi amene anamangidwa, sukulu zimene zinatsegulidwa, ndi maina odzaza m'mabuku a ubatizo. Zonsezi nzabwino ndithu. Koma m'mbiri ya Eklezia mulinso masiku ena amene sasiya njerwa ngakhale imodzi, ndipo masiku otero ndiwo amayesa mtima wa munthu wotumidwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mau a lero akunena za alendo amene dzuwa linawaomba koma sanakamuke, ndiwo amishoni ochokera kutsidya kwa nyanja amene mliri wa Covid-19 unawapeza m'mapiri a Tsangano.

Dziko la Tsangano mukulidziwa: nlozizira, la mbatata ya kachewere ndi tirigu, ndipo malire ake ndi Malawi amadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi ndi chilankhulo chimodzi. M'dera limeneli muli mishoni ya Fonte Boa, imene Ayezuiti anayamba m'chaka cha 1945, ndiponso sukulu ya sekondale ya Inácio de Loyola ku Msaladzi. Ntchito ya mmishoni kumeneko, monganso ku Furancungo m'boma la Macanga, inali ya pamsewu: lero Misa kumudzi uno, mawa ukwati kutsidya kwa mtsinje, mkuja maliro kuseri kwa phiri.

Tsono pa 22 Malichi 2020 munthu woyamba anapezeka ndi matendawa m'dziko la Mozambique. M'mawa mwake sukulu zonse zinatsekedwa, ndipo pa 1 Epulo Pulezidenti Filipe Nyusi anaika dziko pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi. Mapemphero a gulu analetsedwa. Paskha ya chaka chimenecho, pa 12 Epulo, inafika mabenchi ali okhaokha.

Tsiku la mmishoni linkayamba monga mwa masiku onse, kusanache, chisanu chili tho. Ankavala zovala za Misa, nkuima pa guwa ndi anzake awiri kapena atatu a m'nyumba imodzi. Akapereka moni wa Ambuye, mau ake ankabwerera kuchokera ku makoma. Munthu amene anasiya kwao kuti akhale pakati pa anthu anali kuuzidwa tsopano kuti chikondi chenicheni ndicho kuwatalikira anthuwo. Pakhomo panali ndowa ya madzi ndi sopo. Pakamwa panali kansalu kosokedwa ndi chitenje. Dzanja limene linazolowera kupatsa moni aliyense linaphunzira kukhala pachifuwa.

Dzuwa likakwera, ntchito inali ya manja. Zipinda zogona ana asukulu zinali zii, koma mbeu m'munda sizidziwa za mliri: chimanga chinayenera kukololedwa, ziweto kudyetsedwa, mpope wa madzi kukonzedwa. Masana foni ndiyo inasanduka galimoto. Wansembe ankaimbira katekisiti wa mudzi uno ndi mudzi uwo, kufunsa amene akudwala, amene wamwalira, ndi kufotokozanso kachikhumi kuti matendawa si a azungu okha, ndipo sasankha wa m'tauni kapena wa kumudzi. Pamene malo osakwanira foni analipo, uthenga unkayenda pa njinga.

Chovuta koposa chinali kugogoda kwa pachitseko. Mnyamata wafika ndi njinga, thukuta lili kamukamu, akuti agogo atsala pang'ono ndipo akufuna wansembe. Pamenepo mtima wa mbusa unkagawikana. Kukana ndiko kusiya nkhosa pa ola lake lotsiriza. Kupita ndiko mwina kunyamula imfa kukaitula m'nyumba ya nkhalamba zina, pakuti iye ndiye amene ankafika ku Ulongwe kapena ku Tete kukagula zofunika, ndipo munthu angathe kupatsira ena matendawa iye mwini osamva kanthu m'thupi. Eklezia anachiona chothetsa nzeru chimenechi, kotero m'mwezi wa Malichi 2020 likulu la ku Roma linakumbutsa kuti wodwala amene sangathe kupeza wansembe, akamva chisoni chenicheni pa machimo ake chifukwa chokonda Mulungu, nkutsimikiza kudzalapa mpata ukadzapezeka, amalandira chikhululukiro. Mau amenewa anatonthoza ambiri. Komabe sanachotse kulemera kwa funso lija, lakuti apite kapena asapite, limene linkabwera mwatsopano ndi njinga iliyonse.

Madzulo kunkabwera nkhani za kwao. Kumpoto kwa Italy ansembe ambiri anafa m'miyezi yoyamba ija. Ku Brazil manda anakumbidwa m'mizere. Ku Portugal mwezi wa Januwale 2021 zipatala zinadzaza. Mlendo amene anazolowera kuti abale ake ndiwo amamudera nkhawa, tsopano ndiye anali kudera nkhawa mai ake okalamba, ndege zitaleka kuuluka ndi zipata za maiko zitatsekedwa. Amene wachibale wake anamwalira, maliro anawalirira kutali, opanda dothi loponya m'manda. Ndipo usiku ankatenga Kolona m'manja. Dzina limene akhristu analidziwa kuyambira ubwana ngati pemphero la Amai Maria linali litasanduka dzina la mliri, koma m'nyumba zambiri Kolona wakaleyo ndiye analimbitsa mitima pa Kolona watsopanoyo.

Kutsekedwa kwa tchalitchi sikunali kwachilendo m'dziko la Angoni lino. Ayezuiti atangoyamba kumene mishoni ya Lifidzi, lamulo la boma latsopano la Portugal la chaka cha 1910 linawapirikitsa. Ansembe a ku Germany amene analowa m'malo mwao anachotsedwanso mu 1916 chifukwa cha nkhondo, ndipo patangopita zaka ziwiri fuluwenza ya 1918 inasesa dziko lonse lapansi. Ayezuiti anabwerera mu 1941. Pa 30 Okotobala 1985, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dziko lomwelino, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal anaphedwa ku Chapotera. Pa 6 Novembala 2006 achifwamba anapha Bambo Waldyr dos Santos wa ku Brazil ndi Idalina Neto Gomes, mkhristu wodzipereka wa ku Portugal, pa Fonte Boa penipeni. Amishoni a 2020 ankayenda pa dothi limene linamwa magazi a anzao, ndipo ankadziwa kuti mphatso yoyamba ya mtumiki ndiyo kukhalapo.

M'nthawi zonsezi chikhulupiriro sichinasungidwe ndi alendo okha. Mutu umodzi susenza denga. Bambo wa pabanja amene ankawerenga Mau a Mulungu pakhonde tsiku la Mulungu, mai amene ankaphunzitsa ana mapemphero pamoto, katekisiti amene ankatsogolera maliro a anthu owerengeka monga lamulo linkafunira, iwowa ndiwo anali tchalitchi pamene tchalitchi cha njerwa chinali chokhoma. M'mwezi wa Ogasiti 2020 boma linalola kuti mapemphero ayambenso ndi anthu ochepa okhala motalikirana. Katemera anayamba kuperekedwa mu Malichi 2021. Ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalengeza kuti nthawi ya ngozi yatha. Zitseko zitatsegulidwa, mmishoni anapeza moto uli chiyakire.

Akhristu okondedwa, parishi imene yakwanitsa zaka 100 siyeneranso kungodikira alendo. Nthawi yafika yoti ana ake atuluke, apite kwa anthu a zilankhulo zina, akakhale nao pa mtendere ndi pa mliri pomwe. Muwapempherere amene anakhala nanu m'masiku ovuta aja, ndipo mwana wanu akadzamva kuitana, musadzamutsekere njira. Mulungu akudalitseni nonse.