Tiyeze Kaye Tisanagule: Kontena ya Mafiti 20 Kapena 40?

Mawu omwe anayankhulidwa pa msonkhano wa makalabu a alimi m'boma la Kasungu



Chaka chilichonse dandaulo lathu ndi limodzi. Tikakolola, mavenda amafika ndi masikelo awo n'kutigula chimanga, soya ndi mtedza pa mtengo wozizira, ndipo pofika Januwale chimanga chomwecho timakachigulanso modula. Ena timagulitsa msanga chifukwa cha ngongole, koma ambiri timagulitsa chifukwa tilibe posunga pokhoma bwino. N'chifukwa chake makalabu ena ayamba kusonkherana kuti agule kontena. Maganizowa ndi abwino, koma ndalama za mamembala zisapite pa chinthu chomwe sitinachiyeze.

Makontena omwe amalowa m'dziko muno kudzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban ambiri ndi a misinkhu iwiri. Ya mafiti 20 ndi yotalika mamita 6, pomwe ya mafiti 40 ndi mamita 12. Onse m'lifupi ndi mamita 2.4 ndipo kupita m'mwamba ndi mamita 2.6. Ilipo ina ya mafiti 40 yomwe imafika mamita 2.9 m'mwamba.

Choyamba, tiwerenge matumba athu. Kontena ya mafiti 20 ikhoza kulowa matumba a chimanga a makilogalamu 50 pafupifupi 400 tikaidzaza thothotho. Koma posunga sitidzaza choncho. Timasiya mpata kuzipupa, kudenga ndi poyendamo, ndiye tiwerengere matumba pafupifupi 300. Kalabu ya anthu 20 amene aliyense asunge matumba 15 yakwanira pomwepo. Ya mafiti 40 ilandira kuwirikiza kawiri, koma ngati theka likhala lopanda kanthu, ndiye kuti talipira mpweya.

Chachiwiri, tione msewu wathu. Kontena yaing'ono yopanda katundu imalemera matani opitirira awiri, yaikulu pafupifupi matani anayi. Palibe ngolo yomwe ingakoke zimenezi, ndipo potsitsa pamafunika makina onyamulira. Galimoto yokoka kontena ya mamita 12 imayenda bwino pa M1, koma kodi ikhota pa kamsewu ka m'mudzi mwanu? Kodi kamlatho kanu kapirira? Funsani mtengo wa kontena pamodzi ndi wa thiransipoti ndi wotsitsira, ndipo ibwere m'chilimwe mvula isanayambe.

Chachitatu, tifunse ntchito yake. Feteleza ndi mankhwala a mbewu siziyenera kugona limodzi ndi chakudya. Kalabu yofuna nkhokwe komanso kasitolo ka zipangizo za ulimi ingachite bwino kugula makontena awiri aang'ono, imodzi chaka chino, ina chaka chamawa, kusiyana ndi yaikulu imodzi. Ofesi kapena sitolo imakwana mu ya mafiti 20. Poboola mawindo, wowotcherera aikemo mafelemu achitsulo chifukwa chipupa chodulidwa chimafooka.

Nanga fodya? Mabelo amadya malo ambiri, choncho kalabu yaikulu yomwe ili pafupi ndi msewu waukulu ndipo imasonkhanitsa mabelo podikira kupita ku okushoni ya Chinkhoma ingapindule ndi ya mafiti 40. Koma chenjerani. Masana chitsulo chimatentha, usiku chimazizira, ndipo denga la m'kati limachita thukuta lomwe limadonthera pa katundu. Fodya wonyowa amachita nkhungu n'kubwezedwa kumsika, ndipo chimanga ndi mtedza zimagwidwa chuku. Choncho mabelo asakhalitsemo. Kontena iliyonse ikhale pa zipilala za simenti, imangidwire denga pamwamba, ikhale ndi timawindo ta mpweya totchinga ndi waya, ndipo matumba akhale pa mapaleti. Chimanga chiume kufika 13 peresenti komanso chitetezedwe kwa anankafumbwe chisanalowe.

Pogula, musakopeke ndi penti. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lowani m'kati masana, mnzanu atseke zitseko. Mukaona kuwala, dziwani kuti mvula idzalowera pomwepo. Nunkhizani matabwa apansi ngati sanathiridwepo mafuta kapena mankhwala, onani mphira wa m'zitseko, ndipo wogulitsa akupatseni mapepala a umwini. Malo oikapo mugwirizane ndi amfumu polemba, m'dzina la kalabu. Maloko akhale awiri, makiyi asunge anthu awiri osiyana.

Pomaliza, pempho langa kwa atsogoleri a bungwe lathu ndi ili: mutisonkhanitse makalabu ofuna kugula kuti tikambirane mtengo limodzi ndi kuchita hayala makina otsitsira kamodzi. Mukatiyankhulirenso ku khonsolo ya boma kuti misewu yopita kumalo osungira zokolola izipalidwa nthawi yokolola isanafike. Ife tikabwerera kwathu, mlembi wa kalabu iliyonse alembe matumba omwe mamembala akufuna kusunga, ndipo chiwerengerocho ndicho chitisankhire kontena.