Mau a Achinyamata pa Ndale: Zimene Katemera wa Agalu Watiphunzitsa



Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti theka la anthu m'dziko muno ndi ana osakwana zaka 18. Malamulo oyendetsera dziko lino amalola munthu kuvota akakwanitsa zaka 18, ndi kuima nawo pa mpando wa phungu akakwanitsa zaka 21. Ufulu ulipo ndithu, koma tidzifunse: kodi andale amafuna chiyani kwa ana athu? Kawirikawiri amafuna mmero woimba, thupi lopaka penti ndi dzanja loponya mwala. Nzeru za mnyamatayo salabadako. Amamutcha mtsogoleri wa mawa, ndipo mawalo silifika.

Mbiri ya dziko lino ikutsutsa khalidwe limeneli. Aepiskopi atatulutsa kalata yao ya pa 8 Malichi 1992, akuluakulu ambiri tidakali chete ndi mantha, ophunzira a ku Chancellor College ndi ku Polytechnic adaguba poyera kuivomereza. Mbiri yomweyo ili ndi zomvetsa chisoni. Pa 19 Julayi 2011 achinyamata a chipani cholamula adazungulira mu Blantyre atanyamula zikwanje. Pa zionetsero zimene zidayamba mawa lake anthu 20 adaphedwa, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, adapezeka atafa.

Tsono lero ndifuna kulankhula za agalu. Ena museka, mudzati bambo mfumu asowa zonena pamene chimanga chakwera mtengo. Ndimvereni pang'ono.

Mu 2012 madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth adachenjeza kuti ana omwalira ndi chiwewe akuchuluka. Matendawa zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka, mankhwala palibe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi Blantyre SPCA ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha mu mzinda uno, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe adachepa kwambiri. Mwa amene ankakoka agalu pa chingwe kapena kunyamula tiana ta agalu m'manja kupita nato kokabayitsa, mudaona nokha kuchuluka kwa ana a sukulu. Sadalandire nsalu ya chipani kapena ndalama. Adamva chifukwa chake, nachitapo kanthu.

Chifukwacho n'chosavuta. Agalu 70 pa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimasowa podzera. Kupha agalu mwachisawawa, pothira tameki m'nsima kapena powagenda, sikuthetsa matendawa: obayidwa amafera limodzi ndi osabayidwa, kenaka pabwera ena atsopano opanda katemera. Apa chifundo kwa nyama ndi moyo wa mwana zayenda njira imodzi. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2418, amaphunzitsa kuti kuzunza nyama popanda chifukwa kumanyazitsa ulemerero wa munthu mwini. Dziko lathunso lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, ngakhale mukaona mbuzi yomangidwa miyendo pa njinga dzuwa lili pamutu, kapena nkhuku zolendewera chadodolido pa msika, simungadziwe kuti lilipo.

Ndale zake zili apa. Ntchito ya katemerayi yadalira kwambiri thandizo lochokera kunja. Nanga abwenziwo akadzatopa? Limeneli ndi funso la khansala ndi phungu amene tidawasankha pa 16 Seputembala 2025, ndipo oyenera kulifunsa ndi inu achinyamata, popeza ndinu mumaweta agaluwo, ndipo olumidwa kawirikawiri ndi azing'ono anu. Pitani ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu. Funsani kuti khonsolo ya mzinda yaika ndalama zingati pa katemera wa agalu. Funsani ngati mwana wolumidwa ku Bangwe angapeze katemera wa anthu pa chipatala chapafupi tsiku lomwelo. Lembani yankho, tsiku ndi dzina la woyankhayo, mudzabwerenso patapita miyezi itatu. Wandale amene adazolowera kukuonani mukuvina adzadabwa kukuonani muli ndi kope.

Inu makolo ndi atsogoleri a miphakati, musawatseke pakamwa ponena kuti za agalu n'zachibwana. M'makomiti a Chilungamo ndi Mtendere a m'maparishi mwathu muwapatse mipando yeniyeni, osati ya kusesa ndi kuyala mabenchi yokha.

Pa 28 Seputembala dziko lonse lapansi limakumbukira za kulimbana ndi chiwewe. Ndikupempha gulu la achinyamata la parishi iliyonse kuti lisanafike tsikulo liwerenge agalu osabayidwa m'mphakati uliwonse, lipereke chiwerengerocho kwa khansala ndi kwa alangizi a ziweto, ndiponso liphunzitse banja lililonse kuti wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, athamangire kuchipatala.