Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wokumbukira Tsiku la Matenda a Shuga

Gogo Chalo ndi mafumu onse, mkulu wa zaumoyo m'boma lino, madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amayi ndi abambo, ndikupereka ulemu kwa nonse. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo ya makasu, ndipo ambiri mwasiya mizere yosatha kumunda kuti mudzakhale pano. Zikomo.

Lero, pa 14 Novembala, dziko lonse lapansi likukumbukira matenda a shuga. Ine ndilankhula za zimene shuga ndi BP zimawononga m'thupi mwiniwake asanamve kupweteka kulikonse, chifukwa kafukufuku wochitikira konkuno watiuza kale malo oyenera kuyang'ana.

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi WHO, unayeza akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Mmodzi mwa atatu alionse anapezeka kuti magazi ake akuthamanga mopyola muyeso, ndipo ochuluka zedi sankamwa mankhwala alionse. Pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga.

Koma kafukufuku amene amandisowetsa tulo ndi wa maso. Madokotala anayeza odwala shuga 357 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2014. Theka la anthuwo maso awo anali atayamba kuwonongeka, ndipo 29 mwa 100 alionse anali pa chiopsezo cha khungu. Mvetsetsani apa: awa sanali anthu obisala kumudzi. Anali anthu omvera, obwera ku sikelo ya shuga, oima pa mzere kabuku kali m'manja, olandira mankhwala.

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zingapo, amafooketsa timitsempha ting'onoting'ono ta kuseri kwa diso, ndipo timayamba kuchucha madzi ndi magazi. Nthawi yonseyo mayi akulowetsabe ulusi pa singano, bambo akuwerengabe nyuzi. Zili ngati chiswe m'nsichi ya nyumba, kunja yooneka yolimba mkati mutatha. Chikhalirecho dokotala akadontheza mankhwala kuti mwana wa diso atseguke, amaona zonse zikungoyamba, ndipo chithandizo cha laser chimatha kupulumutsa masowo.

Mapazi nawo chimodzimodzi. Shuga amapha mitsempha yomvera, phazi limachita dzanzi. Munthu amayenda tsiku lonse kamwala kali mu nsapato osamva kanthu, kapena amawotha moto m'mwezi wa Juni mpaka phazi kupsa iye osadziwa. Kachilonda kaja sikapola, kamanyeka, mapeto ake mwendo udulidwa. Kupima phazi sikufuna makina odula. Wodwala avule nsapato, namwino ayang'ane pakati pa zala ndi ku chidendene, akhudze phazi ndi kaulusi koyezera, basi.

Za BP musaziike padera. Ku Britain, kafukufuku wa UKPDS amene anatuluka mu 1998 anatsata odwala shuga 1,148 omwe analinso ndi BP. Mwa omwe BP yawo inatsitsidwa mosamalitsa, sitiroko inachepa ndi 44 pa 100. Ku Blantyre nako, kafukufuku wa mu 2016 pa odwala sitiroko 222 anapeza kuti BP ndiyo inkatsogolera pogwetsa anthu, kenako HIV. Impso nazo zimatha mwakachetechete, ndipo makina ochapa magazi ndi ochepa, ali kutali ndi ambiri a ife.

Tsono pempho langa likupita kwa inu a chipatala. Ndikudziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo manja ndi ochepa. Komabe kuyeza shuga, kulemba metformin n'kuitana wina sikokwanira. Wodwala shuga aliyense ayezedwe BP nthawi zonse akabwera, mapazi aonedwe, ndipo maso ndi mkodzo ziyezedwe kamodzi pa chaka. Tsiku la kuyezako lilembedwe m'kabuku kake kuti namwino wina akadzalitsegula adzadziwe chotsala. Bwana mkulu wa zaumoyo, mankhwala a BP ndi shuga asamadukize m'zipatala zing'onozing'ono, chifukwa munthu wobwezedwa chimanjamanja kawiri sabweranso kachitatu.

Mafumu anga, zambiri mwa ziwerengero ndatchulazi zinachokera kwa Amalawi anzathu amene analola kuyezedwa. Ochita kafukufuku akafika m'mudzi, mphekesera za magazi zimawatsogolera, ndipo mantha a anthu sindiwanyoza. Dziwani kuti kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoteteza ufulu wa anthu, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa, wokana, ngakhale wosiyira panjira osataya chithandizo chake. Afunseni kalata yowaloleza. Inunso ochita kafukufuku, mukamaliza mubwerere pa bwalo lomwe munapemphapo chilolezo, mudzafotokoze m'chinenero chathu zimene mwapeza. Zotsatira zongothera m'mabuku a Chingerezi sizimufika mayi amene anapereka mkono wake.

Anamwino akonzeka m'mahema kuyeza shuga, BP ndi mapazi mwaulere. Ndikupempha Gogo Chalo kuti titsogolere ife, ena onse atsatire. Ntchito yoyezayi ndaitsegula.