Liwu la Mlakatuli ndi Mtondo wa Agogo

Mawu olankhulidwa pamwambo wa chikhalidwe, m'boma la Mwanza



Akomiti adandipempha kuti ndilankhule za ndakatulo. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo Chichewa ndidachiphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za boma lino. Komabe ndivomere pamaso panu kuti kwa nthawi yaitali ndinkaphunzitsa chinthu chimene sindinkachidziwa bwino. Ndinkawauza ana kuti awerenge ndime, apeze mutu, atchule mikuluwiko, kenaka tidikire mayeso. Kwa ine ndakatulo inkakhala m'buku, ndipo buku likatsekedwa nayonso inkagona.

Maso anga adatseguka ku Zomba, m'zaka zoyamba za ulamuliro wa zipani zambiri. Ndidapitako pantchito ya sukulu, ndipo mnzanga wina adandinong'oneza kuti madzulo ake a Benedicto Wokomaatani Malunga alakatula. Dzina limeneli ndinkalidziwa. Buku lawo la Kuimba kwa Mlakatuli lidali litathothoka chikuto m'chikwama mwanga, ndipo mawu awo ndinkawamva pawailesi ya MBC. Koma munthuyo ndidali ndisadamuonepo. Ndidafika mochedwa, mipando itatha, ndipo ndidaima kumbuyo pafupi ndi khomo.

Zimene adalakatula sindikubwerezerani pano, chifukwa mawuwo ndi awo ndipo mabuku awo alipo. Ndikuuzani zimene zidandichitikira ine. Ndakatulo imene ndinkaiwerenga ndi liwiro m'kalasi, mwini wake adaiyendetsa pang'onopang'ono. Pamene ine ndinkadumpha, iwo ankaima, anthu n'kukhala chete, ndipo m'kachetechetemo tanthauzo linkafika lokha. Pena anthu ankavomera, pena ankaseka. Mtima wanga udagunda, pakuti kayendedwe kameneka ndidakazindikira. Ndidali nditakamvapo kale, ndili mwana, kuseri kwa nkhokwe ya kwathu, agogo anga aakazi akusinja chimanga ndi anzawo.

Agogo sadapondeko m'kalasi. Koma munsi ukamatsika mumtondo, iwo ankapeka nyimbo pomwepo, mnzawo n'kumavomera. Ankaimba za agogo aamuna amene adapita ku Halale kukagwira ntchito, zaka n'kumapita osatumiza ngakhale bulangete. Ankaimba za apongozi olongolola, za msonkho, za abale a tsidya lija amene ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Zimene mayi sakadatha kunena pabwalo la milandu, pamtondo ankazinena mudzi wonse ukumva, ndipo palibe amene ankamuzenga mlandu. Ine wophunzira ndinkazitcha nyimbo za akazi basi. Usiku wa ku Zomba uja ndi umene udandiuza kuti mlakatuli woyamba amene ndidamumva ndi makutu anga adali agogo anga.

Nditabwerera kuno ndidagula kope ndi cholembera, cholinga ndikakhale nawo pansi. Koma mudziwa ntchito: mayeso, kulima, maliro. Ndinkangoti mawa, mawa. Tchuthi chisadafike agogo adatisiya. Ndidayesa kufunsa azakhali ndi amayi ena a m'mudzi, ndipo ndidatolako zidutswa za nyimbo zisanu zokha, zina zopanda mutu, zina zopanda mathero. Madzi akatayika saoleka. Kope lija ndikadali nalo, ndipo masamba ake ambiri ndi oyera.

Kenaka ndidadziwa kuti chimene ndidachizindikira mochedwa, ena adachiona kalekale. A E. J. Chadza adatcha buku lawo la ndakatulo Ntchito za Pakamwa, kusonyeza kumene luso limeneli lidachokera. A Jack Mapanje, amene dziko lonse lapansi limawadziwa ndi buku la Of Chameleons and Gods la mu 1981, adagwirizana ndi a Landeg White kusonkhanitsa ndakatulo zapakamwa za mu Africa, n'kuzisindikiza mu 1983. Akatswiri amenewa adamwa pachitsime chomwe ife timachilambalala tsiku ndi tsiku.

Tisaiwalenso kuti mawu ali ndi mtengo wake. A Mapanje adamangidwa mu 1987, nakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ife a ku Mwanza mantha a nthawi imeneyo sitichita kuuzidwa. Mu Meyi 1983 mitembo ya a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga idapezeka kunjira ya ku Thambani, ndipo dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Padapita zaka zoposa khumi kuti kafukufuku wa boma, amene adakhazikitsidwa mu 1994, aulule kuti anthuwo adachita kuphedwa. M'zaka zonsezo ambiri tidatseka pakamwa. Amene ankafuna kunena kanthu ankabisa nkhani m'nthano, m'mwambi ndi m'nyimbo, monga momwe agogo ankachitira pamtondo. Luso lophiphiritsa lidasunga choonadi pamene kulankhula poyera kukadatha kutengera munthu kumanda.

Lero mantha aja adatha, koma kwabwera vuto lina losachita phokoso. Chigayo chidalanda ntchito ya mtondo, ndipo palibe mayi amene angalakelake kubwerera ku matuza a m'manja. Ndikuvomereza. Koma pamodzi ndi mtondowo padapitanso bwalo limene amayi ankapekerapo. Ana athu amadutsa pachipata chathu chino tsiku lililonse, ulendo wa ku Tete, ku Harare ndi ku Joni. Ena atsala kuno akugulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, akusintha makwacha ndi mametikali, akulankhula Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi m'chiganizo chimodzi. Zimenezi si zoipa, ndi moyo wa pamalire. Koma funsani mnyamata kuti atchule chiwongo cha amayi ake, kapena alakatule mayina otamanda makolo a fuko lake monga ankachitira akale pofika pamaso pa mfumu, mudzaona akuyang'ana pansi. Mlanduwo si wake. Ife sitidamukhazike pansi.

Chiyankhulo chathu n'chokwanira. A Malunga omwewo adamasulira buku lotchuka la Chinua Achebe la Things Fall Apart, nalitcha Chipasupasu, ndipo Chichewa chidasenza katundu yense osagwa naye. Ngati chidatha kunyamula nkhani ya ku Nigeria, chingalephere bwanji kunyamula nkhani ya ku Thambani, ya kwa Kanduku, ya kwa Nthache ndi ya kwa Govati?

Tsono ndili ndi mapempho atatu. Kwa inu mafumu athu, pamisonkhano yanu muzipatula kanthawi koti nkhalamba imodzi iyimbe kapena ilakatule ana akumva. Kwa aphunzitsi anzanga, musachite zimene ndidachita ine. Itanani alakatuli amoyo alowe m'kalasi, a m'mabuku ndi a m'mudzi omwe, kuti ana amve liwu la munthu asadaone chilembo. Kwa inu achinyamata, foni imene ili m'thumba mwanu imajambula mawu. Ine ndidalibe chida chotere. Mukachoka pano pitani kwa agogo anu, mukawapemphe mwaulemu, mukajambule, ndipo mukalembe dzina lawo, mudzi ndi tsiku. Mukatha, bweretsani kubungwe lathu kuti tisunge pamodzi.

Akale adati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndi zoona, koma amagonera mwa munthu amene adawamva. Sabata ino isathe musadapite.