Musathamangire Moto, Yambani ndi Tupa



Wofuna kuphunzira kupanga felemu ya njinga asathamangire kuwotcherera. Yambani ndi tupa. Palani kukamwa kwa paipi mpaka igone pa inzake popanda mpata, chifukwa polumikiza pampata ndi pamene pamayamba kuthyoka. Yesererani pa mafelemu akutha. Powotcherera, gwiritsani timadontho kaye, poti moto umakoka chitsulo.

Mukatha, tengani chingwe. Chichokere pomangira gudumu lakumbuyo, chizungulire paipi ya mahandulo, chibwerere mbali inayo. Yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo uku ndi uku. Ukasiyana, felemuyo yapotoka, musaigulitse. Mawa wakabaza adzanyamulapo mai wapakati kupita naye kuchipatala.